Kucheza ndi osewera akale sabata ya fainolo

Mwezi wa February kuno ku Dedza mvula imakhala itakhazikika, chimanga chitamasula ngayaye, ndipo madzulo nkhungu imatsika m'phiri n'kukuta boma lonse. Nthawi zambiri ligi yathu imakhala ili pa tchuthi. Ndiye sabata imodzi ya mwezi umenewu ine ndimagula bandulo yonenepa, n'kumakhala pakhonde ndi foni usiku uliwonse kumvetsera atolankhani a ku America akucheza ndi osewera akale a mpira wawo uja wa zipewa zolimba ndi kugundana mapewa. Mpira umenewo kuno sitisewera, ndipo omvera pulogalamu yanga ya zamasewero sanandifunsepo za iwo. Chomwe ndimatsata ndi kafunsidwe ka mafunso. Zambiri zomwe ndimachita ndikakhala pansi ndi mkhalakale wa mpira ndinazitola kumeneko, zina poona ochita bwino, zina poona olakwitsa. Ndikulembera makamaka inu achinyamata amene mwangoyamba kugwira maikolofoni pa wayilesi za m'madera, chifukwa fainolo ya chikho ikayandikira mumatumidwa kukapeza wosewera wakale woti anenepo kanthu, ndipo ambiri mumabwerako ndi mphindi ziwiri za mawu opanda mchere.

Ndiyambe ndafotokoza za sabata ya kumenekoyo kuti tiyendere limodzi. Ligi yawo ndi NFL, ili ndi matimu 32, ndipo fainolo yake amaitcha Super Bowl. Yoyamba inaseweredwa mu January 1967 ku Los Angeles, pamene Green Bay Packers inagonjetsa Kansas City Chiefs 35-10. Masiku ano imachitika Lamulungu lachiwiri la February, ndipo kwa ife imayamba cha m'ma 1:30 usiku, kukucha Lolemba. Matimu awiri olowa fainolo akadziwika pamadutsa masabata awiri, ndipo sabata yachiwiriyo atolankhani amakhamukira mumzinda momwe muchitikire masewerowo. M'holo yaikulu amandanda matebulo a mawayilesi mizeremizere, ngati mabenchi a kabichi ndi tomato pa Lizulu. Malowo amawatcha Radio Row. Osewera akale amayenda tebulo ndi tebulo, apa mphindi khumi, apo mphindi khumi, kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Sabata yomweyo ndi pamenenso amalengeza mayina a osewera akale osankhidwa kulowa m'nyumba ya ulemu ya mpirawo, yomwe ili ku Canton m'chigawo cha Ohio.

Mungafunse kuti bwanji amalimbana ndi opuma pamene osewera enieni alipo. Wosewera yemwe akulowa m'bwalo Lamulungu amakhala atamangidwa pakamwa. Kochi wamuuza kuti asanene chilichonse chokwiyitsa adani kapena kuulula mapulani. Mu 2015 Marshawn Lynch wa Seattle Seahawks anakhala pamaso pa atolankhani n'kumayankha funso lililonse ndi mawu amodzimodzi, oti wangobwera kuti asalipitsidwe chindapusa, ndipo anabwereza mawuwo kopitirira ka 20. Kwathu kuno n'chimodzimodzi: funsani kapiteni Lachinayi, akuuzani kuti anyamata akonzeka, masapota abwere mwaunyinji. Wopuma alibe kochi womuopa. Sabata ya fainolo anaidutsamo ndi thupi lake, ndipo mukamufunsa bwino amakulowetsani ku kampu komwe inu ndi omvera anu simudzalowako.

Kuno kulibe holo yomwe osewera akale amabwera okha. Mumawasaka. Usiku womwe masemifainolo atha, khalani pansi mulembe mayina: amene anasewerapo m'matimu awiriwo, amene anasewerapo fainolo ina iliyonse, ndi amene anagonja pa fainolo. Gulu lachitatuli musalisiye, ndibwererako. Musaganize za otchuka a ku Blantyre ndi Lilongwe okha, amenewo mawayilesi akuluakulu adzakhala atawaimbira kale pofika Lachinayi. M'boma lathu lino muli anthu amene anavalapo yunifomu ya matimu a asilikali ndi apolisi, ena anasewera m'ligi ya chigawo, lero akulima kachewere ku Bembeke kapena akuphunzitsa ku Linthipe. Owadziwa ndi madala aja amene amakhala malo amodzimodzi pa Dedza Stadium timu ya Dedza Dynamos ikamasewera. Khalani nawo tsiku limodzi, muwagulire chimanga chootcha, mudzachoka ndi mayina asanu komanso njira yofikira pakhomo pa aliyense.

Ulendo woyamba, kapena foni yoyamba, musajambule kanthu. Munthu wamkulu sitimugwera ndi maikolofoni ngati tagwira wakuba. Odirani, khalani pomwe akupatsani, perekani moni wonse, dzitchuleni kuti ndinu mwana wa kwa yani ndipo mwachokera ku wayilesi iti. Funsani mfunda wawo ndipo muziwaitana nawo, chifukwa mkulu ukamutchula ndi mfunda nkhope imamasuka. Dzina la m'bwalo lomwe masapota anawapatsa lisungeni, mudzalitulutsa pojambula, ndipo mudzamva mawu awo akusintha. Mukatero nenani chomwe mwadzera: "Bambo, Loweruka kuli fainolo, ndiye timafuna ana a masiku ano amve momwe zinkakhalira nthawi yanu. Ndingabwere Lachiwiri?" Akakana musakakamize. Siyani nambala.

Pakati pa tsiku limenelo ndi Lachiwiri pali ntchito yomwe ambiri amaithawa. Muyenera kudziwa zinthu zitatu zenizeni za munthuyo, zomwe mwatsimikiza. Chitsanzo ndi Dan Marino wa Miami Dolphins, yemwe amaoneka kawirikawiri sabata ya Super Bowl. Anafika pa fainolo mu January 1985, chili chaka chake chachiwiri chokha m'ligi, n'kugonja 38-16 kwa San Francisco 49ers ya Joe Montana. Anasewera zaka 17 koma pa fainolo sanabwererepo. Mtolankhani wosadziwa zimenezi amamufunsa kuti fainolo imakoma bwanji. Wodziwa amafunsa kuti, tsiku lomwe munkatuluka m'bwalo muli mnyamata wa zaka 23, munkaganiza kuti mudzabweranso kangati? Funso lachiwirili limatsegula munthu. Anzathu a ku America ziwerengero amazipeza pa intaneti m'kamphindi. Ife zathu zambiri zili m'mitu ya anthu, m'manyuzipepala akale ndi m'zithunzi zosungidwa m'sutikesi. Chaka ndi zigoli muzifunse kwa anthu awiri osiyana. Ndipo pemphani mwini wake atulutse zithunzi zake tsiku lojambula. Munthu akagwira chithunzi cha timu n'kuyamba kuloza kuti uyu anamwalira, uyu ali ku Joni, uyu ndiye ankatiseketsa m'basi, theka la ntchito yanu latheka.

Pali chinthu china chomwe ku Radio Row sachibisa. Pafupifupi wosewera wakale aliyense amabwera ndi katundu wake. Kumbuyo kwake kumakhala munthu wa kampani ina, ndipo mgwirizano ndi woti mtolankhani afunse za mpira, kenako apereke kamphindi koti mlendoyo atchule malonda omwe wadzera, kaya ndi zakudya, mankhwala, kaya bungwe lothandiza odwala. Onse amadziwa, ndipo palibe wokhumudwa. Kwathu mkhalakale sabwera ndi kampani, koma katundu ali naye. Wina ali ndi timu ya ana yosowa mipira, wina ali ndi dandaulo loti osewera akale anaiwalidwa, wina akufuna anzake akale adziwe kuti akadali moyo. Mufunseni musanayambe kuti, "Pali chomwe inu mukufuna anthu amve?" Mulonjezeni mpata kumapeto, ndipo lonjezolo mulisunge, musadzalidule pokonza. Mukapanda kutero katunduyo adzamutula pakati pa funso lanu labwino kwambiri. Chimodzi chokha chomwe ine ndimakana ndi kulengezetsa juga, ngakhale ku America ena amachita. Pulogalamu yanga imamvedwa ndi ana asukulu.

Za ndalama nenani poyera tsiku loyamba lomwelo. Ngati mwaitana mkulu kuchokera ku Lobi kapena ku Mayani kuti abwere ku situdiyo, thiransipoti yake ndi yanu, ndipo muimupatse asanafunse. N'zochititsa manyazi munthu wa imvi kuima pakhomo la wayilesi akusowa poyambira kupempha ya minibasi. Ngati wayilesi ilibe, kwerani kabaza mupite ndinu. Kunena zoona kwawo ndiye kwabwino, chifukwa pakhomo pake munthu amalankhula ngati mwini mudzi, pamene mu situdiyo amalankhula ngati ali kukhoti. Koma mawu enieniwo musagule. Wogulidwa amanena zomwe akuganiza kuti mukufuna kumva.

Tsopano funso loyamba. Apa ndi pomwe ndimasiyanitsira mtolankhani ndi wongonyamula foni. Mafunso awiri aja, "Mukuiona bwanji fainoloyi?" ndi "Apambana ndani?", asakhale oyamba. Ku Radio Row munthu mmodzi amafunsidwa zimenezi pa matebulo makumi angapo tsiku limodzi, ndipo yankho lake limatuluka ngati nyimbo ya pa sukulu. Ochita bwino amafunsa tinthu tating'ono tomwe munthu sangayankhe osabwerera m'mbuyo m'maganizo. Usiku womaliza munagona? Munagona chipinda chimodzi ndi ndani? M'mawa mwake munadya chiyani, ndipo chinalowa? M'basi munali phokoso kapena zii? Mafunso otere ndi omwe amatulutsa zinthu zomwe woonera sangazione. Osewera akale a NFL amakonda kunena za nthawi yopuma: pa Super Bowl imatenga pafupifupi theka la ola chifukwa cha oimba, pamene masiku onse sipitirira mphindi 15, ndiye thupi limazizira, munthu umayenera kuyambanso kulitenthetsa. Amanenanso za matikiti, kuti sabata yoyamba yonse imathera kukangana ndi achibale ofuna kulowa. Ndinafunsapo zomwezo kwa mkulu wina kuno, ndipo anaseka mpaka kutsokomola, n'kundiuza za amalume ake omwe anafika pa kampu ndi anthu asanu ndi mmodzi a kumudzi, onse akuyembekeza kuti mphwawo awalowetsa ulele. Omvera anaimba foni za nkhani imeneyo kuposa za zigoli.

Ku kampu kwathu kulinso nkhani ija ya mankhwala, yomwe aliyense amaidziwa: timu kukana kulowera pa geti, kukana chipinda chosinthira, kugona malo obisika. Omvera amaifuna, ndipo opuma ena amaikamba momasuka. Ifunseni motambasula, kuti "Kodi pokonzekera panali zina zomwe sitinkaziona ife a kunja?", ndipo mulekeni yekha asankhe pofika. Akayamba kutchula mayina a anthu kuti uje ndiye ankanyamula zithumwa, gawo limenelo lisapite pa mphepo. Munthu wotchulidwayo ali ndi ana, ndipo inu mulibe umboni.

Ndibwerere kwa ogonja aja. Wosewera wina wotchuka, Tom Brady, anapambana Super Bowl ka 7, ndipo nkhani zake zinakambidwa mpaka kutha. Koma macheza omwe ine anandigwira mtima ndi a anthu a Buffalo Bills, timu yomwe inafika pa fainolo kanayi motsatizana, kuyambira 1991 mpaka 1994, n'kugonja kanayi konse. Ulendo woyamba anagonja 20-19 kwa New York Giants. Kutatsala timasekondi, Scott Norwood wa Bills anamenya mpira wa mayadi 47, womwe ukanalowa akanatenga chikho, koma unapita kumanja kwa mitengo. Atabwerera kwawo, khamu la anthu a ku Buffalo linasonkhana kulandira timu, n'kumaitana dzina la Norwood yemweyo kuti alankhule. Opambana amakuuzani za chisangalalo, ndipo chisangalalo chimafanana kulikonse. Wogonja amakumbukira chilichonse: mphepo inkachokera kuti, ndani anamugwira paphewa, ndani sanamulankhule.

Koma chilonda sitigwira ndi dzanja lozizira. Izi ndinaziphunzira movutika. Zaka zapitazo ndinapita kwa mkulu wina cha ku Bembeke, yemwe kale ankatchinga kumbuyo m'timu ina ya chigawo chapakati, ndipo anaphonya penate pa fainolo ya chikho china. Ndinali ndi changu, dzuwa linali litapendeka, ndiye nditangoyatsa foni ndinati, "Bambo, tatiuzani za penate ija." Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Mwana wanga, zaka zonse ndinasewera zija, mwaona penate yokha?" Anadzuka n'kupita kukhola. Mayi a pakhomopo anandiperekeza mpaka pa msewu osanena kanthu. Zinandipweteka chifukwa mkuluyo ananena zoona. Chaka chotsatira ndinabwerera wopanda foni m'manja, ndinapepesa, tinacheza za mbewu ndi mitengo ya feteleza. Ulendo wachitatu ndi pomwe tinajambula. Ndinayamba ndi momwe anayambira mpira wa chikulunga ali mwana, tinadutsa zaka zake zabwino, ndipo patapita mphindi 20 anaifikitsa yekha nkhani ya penate. Funso langa linali limodzi: "Mutalowa m'chipinda, anayamba kukulankhulani ndani?" Anati goloboyi wawo, yemwe anangokhala pambali pake n'kumuvula nsapato. Kuyambira pamenepo lamulo langa ndi ili: nkhani yowawa ndimapempha chilolezo tisanayambe, ndimaiika pakati osati poyamba, ndipo ndimafunsa za zomwe zinatsatira kuposa za cholakwacho.

Nkhani ya thupi ndi yofunika kuidziwa musanakhale pansi ndi aliyense wa masewero ogundana. Mike Webster anasewera Pittsburgh Steelers n'kupambana Super Bowl kanayi, koma atapuma moyo wake unasokonekera, ankaiwala, nthawi zina ankagona m'galimoto. Atamwalira mu 2002, dokotala wochokera ku Nigeria, Bennet Omalu, anapima ubongo wake n'kupeza matenda obwera chifukwa chogundidwa m'mutu mobwerezabwereza, omwe amatchedwa CTE, ndipo zotsatirazo anazisindikiza mu 2005. Mu 2017 akatswiri a ku Boston University anapima ubongo wa osewera akale a NFL 111, ndipo 110 anapezeka nawo. Tisaiwale kuti ubongowo unaperekedwa ndi mabanja omwe ambiri anali ataona kale zizindikiro, choncho sizitanthauza kuti wosewera aliyense ali nawo. Komabe n'chifukwa chake atolankhani abwino a kumeneko sadabwa mlendo akabwereza nkhani kapena akasokoneza chaka. Kwathu ambiri ndi mawondo ndi akakolo, ovulala omwe anamangidwa bandeji n'kubwezedwa m'bwalo, ndipo lero alibe penshoni. Funso lomwe limagwira ntchito kuno ndi loti, "June akafika, kuzizira kwa Dedza kuno, thupi limati bwanji m'mawa?" Amayankha zoona, chifukwa mwafunsa ngati munthu wodziwa dera.

Mkulu akasokoneza chaka kapena zigoli, musamukonze pamaso pa maikolofoni. Lembani pakapepala, ndipo chaka cholondola mudzachinene ndinu polowetsa nkhaniyo. Akakuuzani za umphawi kapena matenda ake, mukamaliza mufunseni kuti, "Izi zija mwanena za kuchipatala, zipite kapena zikhale zathu?" Ngati mayi a pakhomo alipo, amve nawo funsolo. Ndaonapo atolankhani akusandutsa wosewera wakale chinthu chomvetsa chisoni kuti anthu agawane pa Facebook, ndipo mwini wake n'kumayenda chozolika pa msika. Komanso musajambule munthu pa malo omwera, ngakhale atakuitanirani komweko. Zomwe anganene atalawa, mawa adzazikana, ndipo adzakhala ndi chifukwa.

Pojambula penipeni, chida chanu chachikulu ndi kukhala chete. Munthu akamaliza chiganizo n'kuima, musathamangire funso lina. Werengani chamumtima mpaka kasanu. Kuona maso a nkhono n'kudekha: mawu omwe amabwera pambuyo pa kachetechete ameneyo ndi omwe mudzaulutse. Mafunso otsatira akhale afupi, "Kenako?", "Anati chiyani?", "Inu munali pati?" Pepala la mafunso likhale m'thumba, maso akhale pa munthu. Ndipo dziletseni chizolowezi chathu chovomera ndi pakamwa. Pocheza wamba "eee", "inde", "zoona" ndi ulemu, koma pa tepi zimakwera pamwamba pa mawu a mlendo ndipo simungazichotse. Muuzeni poyamba kuti muzivomera ndi mutu, kuti asaone ngati mwamunyoza.

Za zipangizo ndidutsa mwachangu. Foni ikhale yodzaza moto ndipo muitseke netiweki kuti wina asaimbe pakati. Nyengo ya mvula thawani denga la malata, khalani m'khitchini ya udzu kapena m'chipinda chokhala ndi makatani. Panja mphepo ya kuno imawononga mawu, ndiye valikani foni sokosi yoyera. Italikirane ndi pakamwa ngati chikhatho chimodzi. Jambulani masekondi khumi, mvetserani, kenako yambani. Mawu oyamba akhale dzina lake lonse, timu ndi zaka zomwe anasewera, mwini wake akunena. Amene ali kutali, monga ku South Africa, atumizireni funso limodzilimodzi pa WhatsApp, osati onse pamodzi, kuti funso lachiwiri libadwe kuchokera ku yankho loyamba.

Ena mwa inu mungafune kupanga kagawo ka Super Bowl yeniyeniyo pa pulogalamu yanu. N'zotheka, bola mugwire pomwe omvera athu angagwirepo. Yambani ndi a ku Africa kuno: Christian Okoye, wobadwira ku Enugu ku Nigeria, yemwe anasewera Kansas City Chiefs ndipo mu 1989 anaposa onse m'ligi pothamanga ndi mpira, kapena Osi Umenyiora, mwana wa makolo a ku Nigeria, yemwe anapambana Super Bowl kawiri ndi New York Giants, mu 2008 ndi 2012, ndipo wakhala akutsogolera ntchito yosaka achinyamata aluso mu Africa, kuphatikizapo kampu ya NFL ku Ghana mu 2022. Malamulo afotokozeni m'mpweya umodzi: osewera 11 mbali iliyonse, timu ili ndi mipata inayi yoti isunthe mayadi 10, omwe ndi pafupifupi mamita 9, ndipo kufikitsa mpira kumapeto kwa bwalo ndi mapointi 6. Mawu a mawayilesi a eni ake musawaulutse popanda chilolezo. Fotokozani m'Chichewa chanu zomwe mwamva, n'kunena komwe mwazimva. Ngati mukufuna kupempha macheza ndi mmodzi wa iwo, lembani kalata yaifupi miyezi ingapo sabatayo isanafike, kudzera ku bungwe lake, munene zoona za kukula kwa wayilesi yanu, ndipo kumbukirani kuti mu February nthawi yathu ili patsogolo ndi maola 7 poyerekeza ndi ya ku New York.

Funso loti apambana ndani lili ndi malo ake, kumapeto. Pofika apo munthu wamasuka, ndipo sakuyankhanso ngati nyimbo. Koma musalekere pa dzina la timu. Mufunseni chinthu chimodzi choti omvera akachiyang'anitsitse Loweruka, kaya ali pa Bingu National Stadium kaya ali pa wayilesi kunyumba: mphindi 15 zoyamba ayang'ane ndani, adziwa bwanji kuti timu ili ndi mantha. Wotchinga kumbuyo wakale adzakuuzani kuti muone ngati anyamata akumbuyo akulankhulana kapena aliyense wangoti duu. Goloboyi wakale adzakuuzani kuti muone mpira woyamba wa m'mwamba, augwira kapena aumenya. Ndipo ngati anasewerapo imodzi mwa matimuwo, nenani poyera polowetsa, omvera adziwe komwe mtima wake uli.

Pokonza, macheza a mphindi 40 musawathire onse tsiku limodzi. Adulenidulenimo: Lachitatu za kampu ndi usiku womaliza, Lachinayi za kugonja, Lachisanu zoti tikayang'ane. Podula samalani kuti tanthauzo lisasinthe, ndipo kachetechete kaja musakachotse konse, kasiyeniko pang'ono kuti omvera amve munthu akuganiza. Tepi yonse yosadula isungeni malo awiri, mulembe dzina, mudzi ndi tsiku. Ichi ndimachinena ndi mtima wonse. Anthu amene anatengera dziko lino chikho cha East and Central Africa mu 1978 ndi 1979, ndi amene anapita ku Africa Cup of Nations koyamba mu 1984, akukalamba, ndipo ena monga Jack Chamangwana, yemwe anatisiya mu 2018, anapita kale. A m'maboma ngati athu ano, omwe sanalembedwepo m'nyuzipepala, akapita ndiye kuti zonse zapita nawo, pokhapokha ngati wina anakhala nawo pansi ndi foni.

Muuzeni mkuluyo tsiku ndi ola lomwe mawu ake amveke, kuti aitane a pabanja ndi oyandikana nawo. Loweruka fainolo ikangotha muimbireni, mujambule mphindi ziwiri za momwe waionera, akadali wotentha. Sabata yotsatira koperani macheza onse pa memori khadi, mukwere kabaza mukamupatse pamanja. Wa ku Bembeke uja ndinamupititsira yake Lachiwiri, ndipo mdzukulu wake anaiika mu kawayilesi kakang'ono pomwepo, tonse tili pakhonde.